Njoka yolavulira m'maso ija: ndi mamba kapena ayi, ndipo tizitani nayo?

Nthanda_9:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi dandaulo komanso funso. Mvula ikangoyamba zithunzi za njoka zimachuluka pano, ndipo iliyonse yofutukula khosi anthu akungoti mamba. Pansi pa chithunzi chimodzi pali malangizo anayi otsutsana: wina akuti mangani chingwe, wina akuti musamange, wina akuti m'maso thirani mkaka, wina akuti mkodzo. Zoterezi zikhoza kudulitsa munthu dzanja. Odziwa tithandizeni pa njoka imodzi yokha, ija yotuwa mofiirira, ya mizere yakuda pakhosi, yolavulira m'maso. Ndi mamba? Imakhala potani, imadya chiyani, nanga m'nyumba imafunamo chiyani usiku?

Likongwe:
A Nthanda mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Njoka mukunenayo dzina lake la sayansi ndi Naja mossambica, Azulu amati imfezi. Ndi kobra. Anailemba koyamba m'mabuku ndi Wilhelm Peters wa ku Germany mu 1854, ataipeza cha ku Tete ndi ku Sena m'chigwa cha Zambezi, ndiye chifukwa chake dzinalo likutchula Mozambique. Kwa zaka zambiri ankaiphatikiza ndi Naja nigricollis, kobra ina yolavula, mpaka Donald Broadley anazilekanitsa mu 1968. Imapezeka ku Mozambique, Malawi, Zambia, Zimbabwe, Botswana, Eswatini, kum'mawa ndi kumpoto kwa South Africa, kumpoto kwa Namibia, kum'mwera kwa Angola, ku Tanzania ngakhalenso pachilumba cha Pemba.

Si njoka yaitali kwenikweni. Zambiri zimathera pakati pa masentimita 90 ndi mita 1.2, ndipo yofika mita 1.5 ndiye kuti ndi nkhalamba. Pamsana ndi yotuwa, yofiirira kapena ngati mtundu wa udzu wouma, ndipo mamba ake (apa ndikunena mamba a pakhungu, ngati a nsomba) ali ndi m'mphepete mwakuda, moti mukayang'ana bwino thupi limaoneka ngati lakutidwa ndi ukonde wopyapyala. Kumimba ndi yofiirira motuwa kapena yachikasu pang'ono. Chizindikiro chachikulu chili pakhosi: ikaimika mutu mumaona mizere yakuda yopingasa, yosafanana kukula, ina yodukaduka, pamwamba pa khungu lofiirira lija. Mutu ndi waufupi, wobulungira kutsogolo, diso lakuda lobulungira. Amene muli ndi chikhungu chofundula m'manja, werengani mizere ya mamba pakati pa thupi. Nthawi zambiri imakhala 23 kapena 25.

Dzenje22:
Dzina silipha munthu. Kaya mamba kaya kobra, zonse ndi zaululu, kuthawa n'kumodzi.

Namwino_Usiku:
Kuthawa n'kumodzi, inde a Dzenje, koma chithandizo si chimodzi ayi. Nkhani yagona pamenepo. Mamba wakuda, Dendroaspis polylepis, ululu wake umagwira mitsempha: zikope zimagwa, malovu amatuluka, mawu samveka bwino, kenako kupuma kumavuta. Munthu wotero amafunika kumuthandiza kupuma, ndipo nthawi ndi yochepa. Naja mossambica ululu wake umapha mnofu pomwe walowerapo. Kupweteka kumayamba nthawi yomweyo, kutupa kumakwera pang'onopang'ono, pakapita tsiku kapena awiri khungu limada, matuza amatuluka. Imfa sizichuluka, chomwe chimachuluka ndi zilonda zazikulu ndi kulumala. Munthu akafika n'kunena kuti "ndalumidwa ndi mamba" pomwe ndi yolavulayi, achibale amakhala atamumanga kale chingwe poopa kuti afa panjira, ndipo chingwecho ndiye chimamaliza kuwononga dzanja.

Chiuli_04:
Ndiwonjezere pa kusiyanitsa. Mamba wakuda ndi wamtali, mamita 2 mpaka 3 ndi zachizolowezi, wowonda, mutu wautali wopapatiza. Thupi lake si lakuda ayi, ndi lotuwa. Kuda kuli m'kamwa, ndipo akakwiya amayasamula kukuonetsani. Khosi amafutukula pang'ono chabe, komanso salavula. Ndiye njoka ikakulavulirani, dziwani kuti si mamba wakuda.

Pali makobra ena awiri omwe amakhala m'madera amodzi ndi yolavulayi koma iwo salavula. Naja annulifera ndi yonenepa, imapitirira mamita 2, ina imakhala ndi mizere ikuluikulu thupi lonse. Pachithunzi chapafupi muona kuti pakati pa diso ndi mlomo wa m'mwamba pali timamba tating'ono, pomwe pa Naja mossambica mamba a pamlomo amakhudza diso. Naja subfulva imakonda nkhalango ndi m'mbali mwa madzi, kutsogolo imakhala yofiirira, kumchira yakuda yonyezimira. Ziwirizi ululu wake umagwira mitsempha, choncho musaganize kuti kobra iliyonse ndi yotupitsa basi.

Kambalame:
Kodi zomwe imalavulazo ndi malovu kapena ululu weniweni? Ena amati zimachokera palilime.

Likongwe:
Ndi ululu weniweni mayi, womwewo umalowa ikaluma, ndipo lilime silikhudzidwa. Lilime ntchito yake ndi kutola fungo n'kulipereka ku kachiwalo kali kudenga la m'kamwa. Ululu umapangidwa m'timatumba tiwiri kuseri kwa maso. Kuchokera m'katumba muli kanjira kofika ku dzino, ndipo dzinolo ndi lamphako ngati singano ya jakisoni. Mano a ululuwa ndi awiri, aafupi, okhazikika kutsogolo, sapindika ngati a mphiri.

Kusiyana kuli pakabowo kotulukira. Pa kobra yosalavula kabowoko ndi kakatali ndipo kamaloza pansi, ululu umangotsika. Pa yolavula ndi kakang'ono, kobulungira, kali kutsogolo kwa dzino, ndipo kanjira ka mkati kamakhota kasanafike pabowopo. Njoka ikafinya katumba ndi mnofu wa m'nsagwada, ululu umatuluka mwamphamvu kupita kutsogolo, monga madzi amachitira mukatseka paipi ndi chala. Umafika mamita 2 mpaka 3. Pomwe ukutuluka njoka imagwedeza mutu mofulumira kwambiri, ndiye ululu sumapita ngati kamzere kamodzi, umamwazika n'kukuta nkhope yonse. Safunika kulasa diso lenileni, kadontho kamodzi kokha kakwana. Imatha kulavula kambirimbiri motsatizana osatha ululu, choncho maganizo akuti "yalavula kale, yauma" ndi oika moyo pachiswe.

Dzenje22:
Koma pamafunika iime kaye n'kufutukula khosi, eti? Ikakhala yagona sizingatheke.

Chiuli_04:
Ayi ndithu, pamenepo ndi pomwe ambiri amapusitsika. Njoka imeneyi imalavula ili chigonere, khosi osafutukula. Imatha kulavula ili pansi pa mwala, m'mphako, kuseri kwa thumba, ikangotukula mutu pang'ono n'kutsegula pakamwa. N'chifukwa chake kusuzumira m'dzenje kapena pansi pa bedi nkhope ili pafupi n'koopsa kwambiri kuposa kuiona pabwalo. Nthawi zinanso imanamizira kufa, thupi chagada, pakamwa potsegula. Musaitole.

WaZaMaso:
Za m'maso ndifotokoze mwadongosolo chifukwa apa mphindi zoyamba ndi zomwe zimapulumutsa diso.

Ululu ukagwera pakhungu lopanda bala suchita kanthu, ingosambani. Ukalowa m'diso umawotcha ngati moto, misozi imatuluka yambiri, zikope zimadzitseka zokha mwamphamvu moti munthu sangathe kutsegula yekha. Apa pakufunika munthu wachiwiri. Mugonekeni kapena akhale pansi ataweramitsa mutu cham'mbali, diso lovulalalo likhale m'munsi kuti madzi asatengere ululu ku diso linalo. Tsegulani zikope ndi zala zoyera, thirani madzi pang'onopang'ono kuyambira cha kumphuno kupita kunja. Pitirizani kwa mphindi 15 mpaka 20, osati kapu imodzi n'kusiya. Muuzeni azitembenuza diso m'mwamba, pansi, kumanja, kumanzere kuti madzi afike kuseri kwa zikope. Ngati wavala magalasi omata padiso, achotsedwe. Pampopi ndi bwino kwambiri, bola madzi asatuluke mwamphamvu.

Asatikite m'maso. Ululu umakhala utafewetsa kale kakhungu koonekera ka pamwamba pa diso, ndiye kutikita kumakang'amba, tizilombo n'kulowerapo. Kusaona komwe kumabwera pambuyo pa kulavuliridwa nthawi zambiri kumachokera pa kachilonda kameneka kakanyalanyazidwa.

Mukatsuka pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kupweteka kutachepa. Kumeneko amadontheza mankhwala a mtundu otchedwa fluorescein omwe amaonetsa pomwe pakandika, kenako amapereka mafuta a m'maso opha tizilombo monga tetracycline kapena chloramphenicol. Ziwiri zosayenera: kudontheza antivenomu (mankhwala othana ndi ululu wa njoka) m'diso, ndi kugula nokha madontho okhala ndi steroid. Madontho amenewo amachotsa kufiira, munthu n'kuona ngati wachira, pomwe chilonda chikukula. Diso lotsukidwa msanga nthawi zambiri limachira m'masiku ochepa.

Mphako:
Nanga mkaka? Akuluakulu ambiri amaulimbikitsa, sangakhale onse akunama.

WaZaMaso:
Sakunama bambo, koma mkaka si mankhwala. Umagwira ntchito chifukwa ndi wamadzi ndipo suwawa m'maso, basi. Vuto ndi loti munthu amataya mphindi 10 akufunafuna mkaka ndowa ya madzi ili pambali pake, ndipo mkaka umapezeka wochepa pomwe pakufunika malita angapo. Madzi ndiye oyamba. Mkaka ndi wa pomwe madzi palibiretu. Mkodzo umatchulidwa kwa munthu yemwe ali kutali kopanda chilichonse chamadzi, osati pakhomo. Sopo, mandimu, mafuta a galimoto, madzi a masamba osinja, zonsezo ayi. Galu akalavuliridwa chithandizo ndi chomwechi, mugwireni bwino chifukwa kupweteka kumamupangitsa kuluma.

Msulu_wa_Tchire:
Chomwe chimandichititsa chidwi n'chakuti kulavula si kosakira chakudya. Chule kapena khoswe imamuluma, simulavulira. Kulavula ndi chida chodzitetezera kwa chinthu chachikulu chomwe chili ndi maso kutsogolo. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2021 anaonetsa kuti luso limeneli linayamba katatu mosiyana: kwa makobra olavula a mu Africa, kwa a ku Asia, ndi kwa rinkhals, njoka yofanana ndi kobra ya kum'mwera kwa Africa. M'magulu atatu onsewa ululu uli ndi michere yambiri yotchedwa phospholipase A2, yomwe imathandizana ndi ziphe zowononga maselo kuti kupweteka kukhale koopsa ndiponso kwa nthawi yomweyo. Njoka ikufuna kuti mutseke maso, iyo ipeze mpata wothawa. Mukabwerera m'mbuyo mamita 5, pafupifupi nthawi zonse imatsitsa mutu n'kulowera kwina.

Kambalame:
Pepani ndipatuke pang'ono. Mankhwala othamangitsa njoka omwe amagulitsidwa aja, kapena kuthira oilo wakale kuzungulira nyumba, zimathandiza?

Chiuli_04:
Sizithandiza mayi. Oilo wakale, dizilo, mankhwala a m'chimbudzi, timibulu toika m'zovala, adyo, maluwa onunkha, timakina togwedeza nthaka, njoka imadutsa pamwamba pake ngati palibe kanthu. Chomwe mwachita ndi kuipitsa nthaka ndi madzi, ndi kudzipatsa mtima woti mwatetezeka.

Dzenje22:
Nanga bwanji ena amati chithirireni sanaonenso njoka?

Chiuli_04:
Chifukwa njoka sizibwera tsiku ndi tsiku. Munthu amathira mankhwala tsiku lomwe waona njoka, ndipo tsiku lomwelo amatchetcha udzu, kuchotsa milu ya njerwa ndi zinyalala. Chathandiza ndi chikwanje, koma ulemu umapita ku botolo. Njoka imatsata zinthu zitatu: chakudya, madzi, pobisala. Chotsani zimenezo.

Msulu_wa_Tchire:
Ndipo adani ake achilengedwe musawathamangitse. Msulu, likongwe, chiuli, ng'anzi, akabawi ndi ziwombankhanga zodya njoka, onsewa amadya njoka zazing'ono kapena mazira. Msulu ndi chiuli ali ndi kusintha pang'ono pamalo pomwe ululu wogwira mitsempha umakakamira, ndiye sugwira bwino pa iwo. Koma msulu chomwe chimamupulumutsa kwambiri ndi liwiro ndi ubweya wochindikala. Galu alibe zonsezi. Amathamangira kutsogolo n'kuuwa nkhope ili pafupi, ndiye agalu ndi omwe amalavuliridwa kwambiri.

Nthanda_9:
Zikomo nonse, koma tibwerere ku funso langa lija la m'nyumba. M'nyumba imafunamo chiyani, ndipo n'zoona kuti imaluma anthu ali m'tulo?

Likongwe:
N'zoona, ndipo ndi chomwe chimaipangitsa kukhala imodzi mwa njoka zovulaza anthu kwambiri kum'mwera kwa Africa. Ku KwaZulu-Natal ndi ku Eswatini zipatala zimalandira ambiri olumidwa ali mtulo, makamaka kumaso, m'manja ndi m'mikono, ndipo ana amakhala ambiri.

Tiyambe ndi moyo wake. Imakonda tchire la mitengo yapatalipatali, kotentha, kufupi ndi madzi. Masana imabisala m'chulu, m'mauna a makoswe, m'chipika champhako, pansi pa miyala, ndipo m'mawa imatha kuothera dzuwa pakhomo pa dzenje lake. Zazikulu zimayenda kwambiri usiku, zazing'ono mumakumana nazo masana. Sisankha chakudya: achule ndiwo ndiwo yake yeniyeni, komanso makoswe, abuluzi, anapiye, mazira, ziwala, ngakhale njoka zinzake kuphatikizapo mphiri. Ululu wa pakhungu la achule a zitupsa aja suivutitsa.

Tsopano onani mmene khomo la munthu limakhalira usiku wa mvula. Nyale ya pakhonde yaitana ngumbi ndi tizilombo, tizilombo taitana achule, achule aunjikana pansi pa nyale ndi pampopi wodontha. M'nyumba muli matumba a mbewu, ndiye muli makoswe. Njoka ikutsata fungo m'mbali mwa khoma, yafika pachitseko chomwe pansi pake pali mpata wolowa chala, yalowa. Pomwe mutu wadutsa thupi lonse limadutsa. Ikapeza munthu wagona pansi, fungo ndi la nyama ya magazi ofunda, dzanja likusuntha pang'ono mumdima, imaluma ngati mmene ingalumire khoswe.

Mphako:
Apa ndikutsutsani a Likongwe. Njoka singaone munthu wamkulu ngati chakudya. Imabwera kudzafuna kufunda, munthu n'kuigonera potembenuka, ndiye imaluma podziteteza.

Likongwe:
Zimenezo zimachitikanso bambo, sindikukana. Koma taganizani: njoka imeneyi ikaopsezedwa chida chake choyamba ndi kulavula. Olumidwa mtulo ambiri salavuliridwa, amangodzidzimuka atalumidwa, ena kawiri kapena katatu malo osiyana, ndipo malo ake ndi chala, tsaya, khutu, zomwe zili kunja kwa chofunda. Njoka siona munthu yense, imanunkhiza kachigawo komwe kali patsogolo pake. Kwa ine zimenezi zikuloza ku kusaka.

Namwino_Usiku:
Kaya ndi kusaka kaya kudziteteza, katetezedwe ndi kamodzi. Neti ya udzudzu ikhale yopanda bowo ndipo ipisidwe pansi pa matiresi kapena mphasa mbali zonse, osati kungolendewera. Kugona pabedi n'kwabwino kuposa pansi, bedi litalikirane ndi khoma, zofunda zisakhudze pansi. Mpata wa pansi pa chitseko mutseke ndi kathabwa kapena labala wokhomera, nsanza zimakankhika. Mabowo a mapaipi atsekedwe ndi simenti kapena waya wa timabowo tating'ono. Dzuwa likalowa chitseko chisakhale chotsegula. Potuluka usiku, tochi ndi nsapato.

Tsopano ikaluma. Chokani pomwe pali njokayo, musataye nthawi kuisaka. Ngati chithunzi chingajambulidwe muli patali, chabwino, ngati ayi, zisiyeni. Vulani mphete, zibangili, wotchi, nsapato, chilichonse chothina, chifukwa pakangotha ola limodzi sizivukanso. Tsukani pabalapo ndi madzi, phimbani ndi kansalu koyera mosathinitsa. Mangirirani dzanja kapena mwendo ku kathabwa mofewa kuti usamapindike, ngati mmene timachitira ndi fupa lothyoka. Tengani cholembera, jambulani mzere pomwe kutupa kwathera, lembani nthawi pambali pake, ndipo muzibwereza pa mphindi 30 zilizonse. Mizere imeneyo imauza dokotala liwiro lomwe kutupa kukukwerera, ndipo ndi yomwe imathandiza kuganiza zopereka antivenomu. Wolumidwa anyamulidwe, asathamange. Akamasanza agone chammbali. Pa kupweteka apatsidwe paracetamol, osati aspirin kapena ibuprofen.

Zosachita: kumanga chingwe kapena labala, kucheka pabala, kuyamwa, kuika ayezi, kuwotcha, kugwiritsa magetsi, kumatapo mwala wakuda, kumwetsa mowa. Chingwe chimatsekera ululu wowononga mnofu malo amodzi n'kuletsanso magazi kufika, ndiye mnofu umafa kawiri. Ngakhale bandeji yokulunga mothina yomwe imalangizidwa pa mamba, pa njoka iyi siyoyenera. Ngati wina wamanga kale chingwe kwa nthawi yaitali, kamasulireni kuchipatala komwe angathe kuthana ndi zomwe zingatsatire.

Dzenje22:
Ndinawerenga kuti antivenomu sagwira pa njoka imeneyi, dzanja limaola ndithu. Ndiye kuthamangira kuchipatala phindu lake n'chiyani?

Namwino_Usiku:
Mwawerenga theka la nkhani a Dzenje. Antivenomu yemwe amapangidwa ku Johannesburg, wa SAIMR polyvalent, amapangidwa pobaya mahatchi ululu wa njoka za mitundu 10, ndipo Naja mossambica ili m'gulumo. Vuto ndi nthawi. Ziphe zowononga maselo ndi zazing'ono kwambiri, zimakakamira pamnofu mofulumira, pomwe asilikali a mu antivenomu ndi akuluakulu, amayenda m'magazi n'kufika pabala mochedwa. Mnofu womwe wafa kale sangaudzutse. Akaperekedwa m'maola oyambirira amachepetsa kukwera kwa kutupa ndi kukula kwa chilonda. Akaperekedwa mawa lake phindu limakhala lochepa. Ndiye mfundo yanuyo ikutiuza kuti tifulumire, osati tikhale.

Ndipo kuchipatala si antivenomu yekha. Pali mankhwala amphamvu ochepetsa kupweteka, jakisoni wa kafumbata, madzi a m'mitsempha kwa mwana yemwe magazi ake athawira m'chotupa, ndi kuyang'anira njira yopumira ngati walumidwa kumaso kapena pakhosi. Antivenomu amaperekedwa kudzera mumtsempha, adrenaline ali pafupi, chifukwa anthu ambiri thupi lawo limadana ndi mankhwala ochokera ku hatchi. N'chifukwa chake si mankhwala obaya kunyumba. Mwana amalandira mlingo wofanana ndi wa munthu wamkulu, poti mlingo umatsata ululu womwe walowa, osati kulemera kwa wodwala.

Dotolo_wa_Mabala:
Ndiwonjezere za chilondacho chifukwa chili ndi khalidwe lakelake. Ululu wa njoka iyi umayenda pansi pa khungu, m'mafuta ndi m'kansalu kokuta minofu, kawirikawiri osalowa mkati mwa mnofu weniweniwo. Pamwamba mumaona kachigamba kakuda pomwe panalumidwa, kenako khungu looneka labwino, kenako chigamba china chakuda patali, mwina pachigongono pomwe kuluma kunali pachala. Pansi pake zigambazo zimakhala zolumikizana. Wosadziwa amatsuka chigamba choyamba n'kusiya mafinya akuyenda m'munsi.

Cholakwa china ndi kufulumira kung'amba dzanja poganiza kuti kutupa kwatsekereza magazi. Dzanja limaoneka loopsa, lolimba, koma nthawi zambiri kutupako kuli pansi pa khungu, osati m'zipinda za minofu, ndipo kulikweza pamtsamiro kumathandiza. Kuchotsa mnofu wakufa kumadikira masiku angapo, pafupifupi sabata, mpaka malire a chakufa ndi chamoyo aoneke bwino. Pambuyo pake ambiri amafunika kuikidwa khungu lotengedwa pantchafu. Tizilombo tomwe timapezeka m'zilondazi kawirikawiri ndi Morganella morganii ndi Enterococcus faecalis, ndipo Morganella samva mankhwala wamba ngati amoxicillin, choncho mafinya ayezedwe m'malo mongoganizira. Zala ziyambe kuphunzitsidwa kupinda msanga. Dzanja lomwe lapola koma louma ngati thabwa ndi kulumala komwe kukanapeweka.

Msulu_wa_Tchire:
Pali chiyembekezo pa vuto la nthawi lomwe a Namwino anena. Mu 2024 panatuluka zotsatira za kafukufuku pa mbewa zosonyeza kuti mankhwala otchedwa varespladib, omwe amatsekereza phospholipase A2, amachepetsa kuola kwa khungu kochokera ku makobra olavula a mu Africa. Chaka chomwecho ena anaonetsa zofanana ndi mankhwala a gulu la heparin, oletsa magazi kuundana. Awa ndi a m'kafukufuku, si oti munthu akagule n'kudzibaya. Bungwe la WHO linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha mu 2017, ndipo mu 2019 linaika cholinga chochepetsa ndi theka imfa ndi kulumala pofika 2030. Chiwerengero chawo chimati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse padziko lonse, ndipo olumala amachuluka pafupifupi katatu kuposa pamenepo.

Kambalame:
Nanga ukapha imodzi, inzake imabwera kudzabwezera? Ndipo ana ake ali ndi ululu?

Likongwe:
Kubwezera kulibe mayi. Njokazi sizikhala pabanja. Nthawi yokwerana yaikazi imasiya fungo pomwe yadutsa, yaimuna n'kumatsata, ndiye mukapha yaikazi lero, mawa yaimuna ikhoza kutulukira pamalo omwewo. Chiyambi cha mphekesera imeneyi ndi chomwecho.

Yaikazi imaikira mazira 10 mpaka 22 m'nyengo yotentha ya mvula, m'dzenje, m'chulu kapena pansi pa mulu wa zinyalala zoola pomwe pali chinyezi ndi kufunda. Mazirawo ndi oyera, aataliko, chikhungwa chake chofewa ngati chikopa. Mukawatembenuza mwana wa mkati amatha kufa. Amaswa pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Kamwana kamatuluka kotalika masentimita 23 mpaka 25, kali kale ndi mano ndi ululu, ndipo kamatha kufutukula khosi ndi kulavula kuyambira tsiku loyamba. Ululu wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa yaikulu, koma ndi wokwanira kuwononga chala kapena diso la mwana. Palibe mayi wozilera, zimabalalika zokha.

Mphako:
Ikalowa m'chipinda ndiye titani? Kuisiya sizingatheke.

Chiuli_04:
Tulutsani ana ndi ziweto kaye. Munthu mmodzi aime patali, kupitirira mamita 3, aziyang'ana komwe yalowera, chifukwa njoka yosowa m'nyumba ndi yovuta kuposa yomwe mukuiona. Ngati kuli odziwa kugwira njoka kapena a zanyama zakutchire, aitaneni, tsekani chitseko cha chipindacho n'kutseka mpata wa pansi ndi thaulo. Ngati ili pafupi ndi khomo lotulukira panja, tsegulani khomolo, chokani panjira, nthawi zambiri imatuluka yokha.

Ogwira njoka ophunzitsidwa amavala magalasi otseka mbali zonse, osati a dzuwa kapena owerengera, chifukwa ululu umalowera m'mbali ndi pamwamba. Amagwiritsa ntchito chopanira kapena ngowe yotalika mita imodzi kapena kuposa, amagwira cha pakati pa thupi mosafinya, n'kuika mundowa yakuya ya chivundikiro chokhoma chokhala ndi timabowo ta mpweya. Potsegula ndowayo nkhope imakhala kumbali. Akamaliza amatsuka magalasi, chopanira ndi manja, poti ululu wouma ukafika m'maso kudzera pachala umawotchabe.

Kugwira njoka pakhosi ndi manja kusiyeni. Pali kanjoka kakuda kakang'ono, Atractaspis bibronii, komwe anthu amakasokoneza ndi njoka zopanda ululu kapena ndi ana a kobra. Mano ake amatulukira cham'mbali pakamwa pali potseka, moti palibe kagwiridwe kotetezeka.

Dzenje22:
Nanga yophedwa kale? Ena amadula mutu n'kupita nawo kuchipatala kuti adokotala aone.

Namwino_Usiku:
Mutu wodulidwa umatha kuluma kwa ola limodzi kapena kuposerapo, ndipo timatumba ta ululu timakhala tidakali todzaza. Usatoledwe ndi manja, ngakhale kuuika m'thumba la pulasitiki lomwe mano angaboole. Achipatala safuna mutuwo. Chithunzi cha pafoni chooneka khosi ndi mbali ya mutu n'chokwanira, ndipo ngakhale popanda chithunzi amatsata zizindikiro: kutupa kopweteka komwe kukukwera, kufooka kwa mitsempha, kapena kutuluka magazi. Ngati njoka yaphedwa, inyamulidwe ndi fosholo n'kukwiriridwa mozama, pomwe ana ndi agalu sangafukule.

Nthanda_9:
A WaZaMaso, funso lomaliza kwa inu. Mwana wamng'ono yemwe akukana kutsegula maso, mphindi 20 zotsuka zitheka bwanji?

WaZaMaso:
Pamafunika anthu awiri. Mukulungeni m'chitenje kapena thaulo manja ali mkati kuti asatikite, mmodzi amugoneke pamiyendo mutu uli cham'mbali, agwire chipumi ndi chibwano. Winayo akokere chikope cha m'munsi pansi ndi chala chachikulu, osakanikiza diso lenilenilo, athire madzi ndi kapu kapena botolo loboola pachivundikiro. Ngakhale diso litatseguka pang'ono chabe, madzi amalowa, ndipo kuphethira kwa mwanayo kumathandiza kuwazunguliza. Madzi akhale ofunda pang'ono ngati thupi, ozizira kwambiri amapangitsa zikope kuthina. Tsukaninso nkhope, tsitsi ndi manja ake, ndipo muvuleni malaya omwe agwerapo ululu musananyamuke kupita kuchipatala.